Musanagule ka tegu kaja, tandimvani kaye

Tsiku lomwe ndinamutenga tegu wanga, mtundu wa buluzi wamkulu amene anthu amaweta, anali kanthu kakang'ono zedi, ankakwana pachikhatho mchira wokha ndi umene unkalendewera, mutu wobiriwira ngati tsamba lanthete, lilime likungoti lawi lawi kununkhiza zala zanga. Wogulitsayo anandiloza kabokosi kagalasi nkunena kuti aaa aka kamukwana kwa nthawi yaitali musadandaule. Ndinakhulupirira. Miyezi 8 isanathe buluzi uja anali atatalika kuposa mkono wanga, akati atembenuke mchira umapindikira kukhoma, ndipo kumphuno kunali kutayamba kunyuka chifukwa chokhulakhula pagalasi kufuna potulukira. Zinandiwawa kwambiri mumtima poona kabala kaja, chifukwa iyeyo sanalakwe kanthu, anangokula mmene mtundu wake umakulira basi. Pano ali ndi zaka 4 ndipo anthu akamandifunsa kuti nanenso ndikufuna wanga ndiyambire pati, ndimawauza kuti iwalani kaye kamwana kamene mwakaona pa vidiyo kaja, ganizirani chinyama chimene kamwanako kadzakhale.

Ma tegu kwawo ndi ku South America. Amene anthu ambiri amaweta ndi wa mawanga akuda ndi oyera uja, amamutchula kuti Argentine tegu, dzina lake la sayansi ndi Salvator merianae, amapezeka ku Argentina, Brazil, Paraguay ndi Uruguay. Palinso wofiirira, Salvator rufescens, amene amafanana naye pa zambiri. Wamphongo akakula amafika masentimita 120 mpaka 140 kuchokera kumphuno kukafika kunsonga ya mchira, amatuluka masaya akuluakulu olendewera ndipo ukamunyamula umamva kuti wanyamuladi kanthu, makilogalamu 4 kapena kuposa. Wamkazi amacheperako, kuzungulira mita imodzi. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 15 mpaka 20. Tangoganizani mwana amene wabadwa lero mpaka kudzafika pomera ndevu, buluzi akadali mnyumba mwanu kufuna chakudya ndi magetsi tsiku ndi tsiku. Nde ngati mukudziwa kuti mumasamukasamuka, kaya mukukhala nyumba ya lendi yomwe mwini wake safuna ziweto, dikirani kaye.

Chenjeraninso ndi mtundu. Pali wina wotchedwa Colombian tegu, Tupinambis teguixin, amene akakhala mwana munthu wosadziwa akhoza kumusokoneza ndi wa ku Argentina. Ameneyo ndi wocheperako, wothamanga, ndipo ambiri mwa iwo savomera msanga kugwidwa. Sindikunena kuti ndi woipa ayi, koma kwa munthu woyamba kumene si amene ndingamusankhire. Ndipo funsani ngati anaswedwa ndi oweta kapena anachita kugwidwa kutchire. Wogwidwa kutchire amabwera ndi mantha ake, nthawi zambiri ndi njoka za mmimba kapena nkhupakupa, ndipo kuti adzakuzolowereni pamafunika mtima wautali kwambiri.

Musanatulutse ndalama fufuzani malamulo a dziko limene muli. Ma tegu ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, kutanthauza kuti kumuwolotsa malire a dziko pamafunika mapepala. Ku Florida, ku America, mu 2021 anawaika mgulu la nyama zoletsedwa kuweta, amene anali nawo kale anauzidwa kuti atenge chilolezo ndi kuwaika ka chip, kachipangizo kakang'ono kolowetsa pansi pa khungu kowazindikiritsa. Chifukwa chake nchoti ma tegu othawa ndi otayidwa anayamba kuswana kutchire, wamkazi mmodzi amaikira mazira 30 ndi kuposa pachaka, ndipo amadya mazira a akamba, a mbalame zoikira pansi, ngakhale a ng'ona za kumeneko. Ku Georgia, ku America komweko, nakonso anapezeka atakhazikika mmaboma a Toombs ndi Tattnall. Ine nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa gwero lake ndi ife oweta, munthu watopa naye buluzi wakula kuposa mmene amaganizira nkukamusiya patchire. Chonde zimenezo ayi. Mukalephera mufunireni munthu wina wodziwa.

Tsopano khola, apa nde pagona nkhani. Tegu wamkulu amafuna khola losachepera masentimita 240 mulitali, 120 mulifupi ndi 120 kupita mmwamba. Inde, ndi lalikulu ngati bedi la anthu awiri nkuposa. Mwana mukhoza kumuyambira mochepera koma dziwani kuti chaka chisanathe mudzafunika lalikululo, nde bwino kuyamba kulimanga pompano kapena kungomuikamo mlalikulu kuyambira pachiyambi bola muikemo mobisala mwambiri. Langa ndinapanga ndi matabwa opaka zoteteza kumadzi, zitseko zagalasi zotsegulira kutsogolo. Zotsegulira kutsogolo zimenezi nzofunika kuposa mmene mungaganizire, chifukwa kutchire chimene chimagwira mwana wa buluzi chimachokera kumwamba, kabawi kaya chiwombankhanga, nde dzanja lanu likamatsika kuchokera pamwamba iye amaona mdani. Ndipo muike loko. Nyama zimenezi nzanzeru komanso zamphamvu, wanga anaphunzira kukankha galasi ndi mphuno mpaka kulitsetsereza, tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa firiji komwe kumatuluka kamphepo kofunda.

Pansi pa khola pamafunika dothi lakuya chifukwa tegu ndi wokumba. Osati kungowaza pang'ono ngati mukukongoletsa, ndikunena masentimita 30 mpaka 45, loti akumbe una nkulowamo thupi lonse osaoneka. Ine ndimasakaniza dothi lopanda feteleza kapena mankhwala, mchenga pang'ono ndi ulusi wa makoko a kokonati, pamwamba nkuyala masamba ouma. Utuchi wa paini ndi wa cedar musayerekeze, mafuta ake amapweteka mapapo a nyama zokwawa. Dothi limeneli likhale lonyowa koma osati matope, mukalifumbata ligwirane koma lisadonthe madzi. Ndi limene limasunga chinyezi, ndipo chinyezi cha mkhola chimayenera kukhala 70 mpaka 80 peresenti. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, musamangoganizira.

Za chinyezizi ndinaphunzira mowawa. Chaka choyamba kunja kutauma ndinangoti bola ndikumupopera madzi mmawa, osadziwa kuti dothi la pansi linali litauma gwa. Atafundula, chikopa chakale chinatsalira pa chala chimodzi cha mwendo wakumbuyo, kamphete kakang'ono koyera koti ukapanda kuyang'anitsitsa sungakaone. Kamphete kameneko kamafinya chala magazi osayenda, ndipo kakakhalitsa chala chimafa nkugwa, chimodzimodzi kunsonga ya mchira. Mwamwayi ndinakaona chala chitangoyamba kutupa, ndinamuviika mmadzi ofunda kwa mphindi 20 masiku angapo nkumapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu mpaka kanachoka. Kuyambira pamenepo akangofundula ndimawerenga zala zonse chimodzichimodzi ndi kuyang'ana mchira mpaka kunsonga. Musamasende chikopa chouma ndi mphamvu, chinyowetseni kaye. Muikirenso beseni lamadzi lalikulu loti alowemo, koma dziwani kuti amakonda kuchitiramo chimbudzi nde madzi amafunika kusintha tsiku lililonse.

Kutentha. Tegu sagaya chakudya ngati sanafunde, nde mbali imodzi ya khola pakhale poothera, mwala waphwatalala kapena thayilo pansi pa mababu otentha, pamwamba pa mwalawo pafike madigiri 40 mpaka 45, akuluakulu amakondanso kuposerapo. Babu imodzi sikwana nyama yaitali chonchi, imangotentha kadera kamodzi pamsana nkumuwotcha pomwe thupi lina lonse lili lozizira, ndi bwino mababu awiri kapena atatu ondondozana kuti thupi lonse lifunde limodzi. Mbali inayo ikhale yozizirirako, madigiri 24 mpaka 27, kuti akatenthedwa akhale ndi kothawira. Kamfuti koyezera kutentha kaja, koloza pamwala nkukuuzani nambala, ndi chinthu chimene ndimagwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse. Miyala yotenthetsa ndi magetsi ija yolumikiza kusoketi isiyeni, imawotcha kumimba.

Kenako pali getsi la UVB, limene anthu ambiri oyamba amalidumpha chifukwa nlodula ndipo ukaliyang'ana limangooneka ngati getsi wamba. Kuwala kumeneku ndi kumene kumathandiza khungu kupanga vitamini D3, ndipo popanda D3 kashiamu amene mukumupatsa salowa mmafupa. Mapeto ake ndi matenda ofewetsa mafupa, chibwano chimafewa ngati mphira, zala zimanjenjemera, miyendo imalephera kunyamula thupi buluzi nkumangokwawa ndi mimba. Ndinaonapo wa mnzanga wina atafika pamenepo, anachira inde koma msana unakhala wokhota mpaka lero. Gulani la chubu lalitali la T5, likhale mkati mwa khola kapena pamwamba pa waya, osati kuseri kwa galasi chifukwa galasi limatchinga UVB. Ndipo chubu chimenechi chimatha mphamvu chikuyakabe, nde lembani deti limene mwachiika nkuchisintha pakatha chaka. Magetsi onse aziyaka maola 12 kapena kuposerako pang'ono, usiku kukhale mdima, taimala imathandiza.

Pa chakudya tegu sasankha kwenikweni, amadya zanyama ndi zipatso zomwe, ndipo vuto lake ndi lomwelo chifukwa amanenepa msanga. Ali mwana ndinkamupatsa tsiku lililonse, makamaka tizilombo: mphemvu zoweta za dubia, nkhululu zazing'ono, ziwala, nyongolotsi, zonse zowazidwa ufa wa kashiamu. Musamatole tizilombo pamalo opoperedwa mankhwala. Atakulako ndinayamba kudumphitsa tsiku, pano amadya kawiri pa sabata basi. Chakudya chabwino kwa wamkulu ndi nyama yathunthu, mbewa zoweta, anapiye, zinziri, nsomba zazing'ono, chifukwa mmenemo muli mafupa, chiwindi ndi zonse. Zikhale zakufa kale, zosungidwa mufiriji nkuzisungunula bwinobwino, yamoyo ikhoza kumuluma. Nyama yogaya yokhayokha ilibe kashiamu wokwanira, anthu ambiri amene amangodalira imeneyo ndi amene abuluzi awo amadwala mafupa. Mazira amawakonda koopsa koma akhale apo ndi apo, ndipo ine ndimawaphika chifukwa choyera cha dzira laliwisi chili ndi puloteni yotchedwa avidin imene imalepheretsa vitamini wa biotin kulowa mthupi. Zipatso monga papaya, mango, mabulosi ndi mavwende ndimaika pang'ono, ndiwo zamasamba ndimaziduladula nkuzisakaniza ndi nyama apo ayi amazisiya. Mapeyala, anyezi ndi adyo ayi ndithu.

Akanenepa mudzaona tsinde la mchira litatupa mopitirira, mimba ikukhwekhwereza pansi poyenda, mafuta atadzadza mmbali. Anthu amasangalala nazo nkumajambula koma chiwindi chimakhala chikuvutika mkatimo. Akakuyang'anani ndi maso aja ngati sanadye sabata yonse limbani mtima.

Ndipo musamupatse chakudya ndi dzanja. Tegu akamva fungo la chakudya amasintha, amathamangira chilichonse choyenda, ndipo nsagwada zake nzoswa nkhono. Wanga anandigwirapo chala kamodzi ndikumupatsa kachidutswa ka nsomba, sanachite dala, anangophonya, koma bala lake linatenga masabata kuti lipole. Gwiritsani ntchito chopanira chachitali kapena mbale, ndipo sambani mmanja musanamugwire ngati mwagwira nyama. Mukamaliza kumugwira sambaninso ndi sopo, nyama zokwawa zimanyamula tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula mmimba ngakhale zikuoneka zathanzi, nchifukwa chake azaumoyo amalangiza kuti ana osakwana zaka 5 asamazigwire, ndipo mbale zake musamatsukire pasinki potsukira mbale zanu.

Tsopano zimene aliyense amafuna kumva, kuti azolowere. Mavidiyo aja oonetsa tegu atagona pamiyendo ya mwini wake ngati galu ndi oona, wanga amachitadi zimenezo, koma palibe amene amakuonetsani miyezi ya mmbuyo imene buluziyo ankangothawa. Masabata awiri oyamba ndinamusiya osamugwira nkomwe, ndinkangosintha madzi, kuika chakudya, nkukhala pampando pafupi ndi khola ndikuwerenga kapena kuyankhula pafoni kuti azolowere mawu anga. Ndinaika mkholamo shati yomwe ndinavala tsiku lonse, pafupi ndi pogona pake, chifukwa iwo dziko amalidziwa ndi lilime, lilime lamphanda lija limatola fungo nkukalipereka kukamwa kumtunda komwe kuli kachiwalo konunkhizira. Kenako ndinayamba kungoika dzanja pansi mkholamo osasuntha, mphindi 10, 15, dzanja mpaka kuchita dzanzi. Tsiku loyamba limene anabwera yekha sindidzaiwala. Anatuluka muuna dothi lili pamutu, anaima, lilime lawi lawi, anayenda pang'ono nkuimanso, kenako anafika nkunyambita chala changa kawiri, nkuponda dzanja langa ndi mwendo wakutsogolo, tizikhadabo tikundibaya pang'ono, nkungokhala pomwepo. Ndinapuma mosamala kuopa kumudzidzimutsa. Panali patatha masabata 7.

Lamulo limodzi lomwe sindiliphwanya ndi ili, akalowa muuna sindimufukula. Kaya kwabwera alendo akufuna kumuona, kaya ndamusowa, ayi. Una ndi malo okhawo amene amadziwa kuti palibe chingamukhudze, mukamufukula kamodzi mwabweza mmbuyo ntchito ya mwezi wathunthu. Phunziraninso kumuwerenga. Akamapuma mwamphamvu kuti fuu fuu, wakweza msana, mchira ukugwedezeka ngati njoka, akukuuzani kuti ndisiyeni, ndipo mukakakamira mchira umenewo umakwapula ngati chikoti. Pomunyamula lowetsani dzanja pansi pa chifuwa lina pansi pa chiuno, miyendo yonse ikhale ndi popondera. Osamukoka mchira, akhoza kuudula yekha ndipo womeranso sukhala ngati woyamba. Pali nthawi inanso akamakula, chapakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, imene ena amasanduka aukali mwadzidzidzi ngati sakukudziwani, wanga anachita zimenezo kwa miyezi ingapo kenako anabwerera mwakale. Anthu ambiri amawataya nthawi imeneyi, pomwe akanangopirira pang'ono.

Akazolowera muzimutulutsa aziyendayenda mchipinda chotsekedwa bwino, mukumuyang'anira. Tsekani mipata ya kuseri kwa makabati, chotsani nthambo zamagetsi ndi tinthu toti angameze, galu ndi mphaka akhale kwina. Ndipo tegu mmodzi khola limodzi, safuna mnzake, amphongo awiri amamenyana mpaka kuvulazana.

Dotolo wa ziweto mupezeni buluzi asanadwale, ndipo mufunse ngati amaona nyama zokwawa chifukwa si onse. Mukangomutenga pititsani chimbudzi chake akachiyeze ngati muli njoka za mmimba. Mukaona thovu kapena mamina kumphuno, kupuma kukamwa kuli yasa, kutupa mkamwa, kanyama kofiira katatuluka kumalo ochitira chimbudzi, kapena wakhala nthawi yaitali osachita chimbudzi mimba ili gwa, musafunse pa intaneti thamangani naye. Nyama zimenezi zimabisa matenda, pomwe mukuona kuti wadwala ndiye kuti zayamba kale.

Chomaliza chimene chimaopsa woweta watsopano aliyense ndi tulo tawo ta nyengo yozizira. Ma tegu a ku Argentina masiku akayamba kufupika amachepetsa kudya, amatuluka mochedwa, kenako amalowa pansi nkukhala miyezi, ena 2 kapena 3, ena mpaka 5 ndi kuposa. Amachita zimenezi ngakhale mkhola muli mofunda, thupi lawo limadziwa lokha. Mukaona zizindikiro siyani kumupatsa chakudya koma magetsi otentha apitirize kuyaka kwa masabata awiri kuti mmimba mutheretu, chifukwa chakudya chikatsalira mmimba iye nkuzizira chimaola. Kenako muzichepetsa magetsi pang'onopang'ono, madzi akhalepo nthawi zonse, dothi lisaume. Muyezeni pasikelo asanagone kuti mudzadziwe ngati watsika kwambiri, wathanzi satsika kwenikweni. Chodabwitsa nchoti akadzuka, nyengo yoswana, matupi awo amatha kudzipangira kutentha okha, ofufuza amene anawayeza ku Brazil analengeza mu 2016 kuti usiku thupi la tegu limatha kufunda mpaka madigiri 10 kuposa una umene wagonamo, chinthu chosayembekezeka kwa buluzi.

Chaka choyamba wanga atagona ndinkangozungulira khola, kuika khutu pathabwa, mtima uli mmwamba kuti kodi ali moyo mmenemu. Ndinatsala pang'ono kufukula koma ndinadzigwira. Patatha miyezi 4, mmawa wina ndikuthira madzi mubeseni ndinaona dothi la pakona likusuntha, kenako mphuno, kenako mutu wonse uli fumbi lokhalokha diso limodzi lotseka. Anayenda mwaulesi mpaka pabeseni, anamwa madzi nthawi yaitali osadzutsa mutu, nkukwera pamwala wake kukaothera. Chakudya sanachifune mpaka patatha sabata ndi theka, ndipo choyamba chimene anavomera linali dzira la zinziri lophika, analitola pachopanira mofatsa nkupita nalo pakona.